Matutu a Kuseri kwa Nyumba

"Nakamba kale, ba Dingani, ine siningagone mu nyumba muno na manda kuseli kwa windo yanga!"

Petronella anaima pakhomo la khitchini, maso ali psuu ndi kulira. Mwamuna wake, Dingani, anakhala pa sitepe nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Analibe kopita, pakuti kampani ya boma imene ankagwirako inagulitsidwa ndipo eni ake atsopano anasesa aliyense, koma m'mawa uliwonse ankavalabe nsapato.

"Si manda, Petronella. Ba tate bakuuza kangati? Ni matutu."

"Matutu ni chani? Ine nakulila ku Kitwe, ba mayo benze na gadeni, sininaonepo munthu alima so. Munda ni mizele. Endani mukaone mweka kaja kang'ono ka pa kona. Kaja ni ka ndani?"

Kuseri kwa nyumba yawo ya ku Chelstone, mu Lusaka, pakati pa khoma ndi fensi ya waya, kunali milu ya dothi lofiira yowumbidwa bwino, yofika m'mawondo. Pa kona, pomwe malo anachepa chifukwa cha paipi ya madzi, panali kamulu kakang'ono. Kanaumbidwa kumayambiriro kwa Okutobala. Mwezi womwewo usanathe Petronella anapita padera, mimba yake yoyamba, itakula kale mpaka kuonekera.

Mwini milu ija anatulukira pa ngodya ya nyumba, khasu lili paphewa. Anali a Killian, bambo ake a Dingani, amene anabwera kuchokera ku Chadiza chaka chatha atamwalira akazi awo. Anali atamva zonse, pakuti nyumba za ku Chelstone sizisunga chinsinsi. Anatsitsa khasu, nanjuta pang'ono monga achitira munthu polankhula ndi mpongozi wake.

"Amayi, pepani, ndilankhuleko. Ndinaona mwamuna wanu ali pakhomo, ufa ukukwera mwezi ndi mwezi, feteleza sagulika. Ndiye ndinakumbuka mmene ankalimira atate anga alangizi asanabwere ndi mizere yawo. Umatchetcha udzu, nkuunjika, nkuthirapo phulusa ndi zitosi, nkufotsera dothi. Udzu uja ukaola ndiwo chakudya cha mbewu. Pamwamba chimanga, m'mbali nyemba ndi maungu. Palibenso china."

"Nanga kang'ono?"

"Malo anachepa, amayi. Ndinati ndibzalepo maungu okha."

"Malo yanachepa," anabwereza Petronella. "Malo yanachepa mpaka kulingana na mwana wanga."

Analowa m'nyumba natseka chitseko. A Killian anakhalabe chinjutire, akuyang'ana pansi. Dingani anavala nsapato yachiwiri ija natuluka pageti.

Ife a mu Lusaka tili ndi nthenda imodzi yoipa. Tikangomwa madzi a pampopi zaka zingapo, chilichonse cha kumudzi chimene sitikuchidziwa timachiopa, ndipo tikachiopa timachipatsa dzina loipa. Sabata isanathe, kumsika wa Chelstone, komwe Petronella ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, nkhani inali itamera miyendo. Wina anati madala aja amadzuka kusanache kukalankhula ndi milu. Wina anati anawaona akuwotcha chitsulo pambaula mpaka kufiira. Mayi wina wogulitsa tomato, amene a Killian anamukonzera mpini wa khasu mwaulere, ndiye anali patsogolo kunena kuti iye anawakayikira kuyambira tsiku loyamba.

Za chitsulo pambaula zinali zoona. Dingani anawapeza bambo ake masana ena pansi pa mpapaya, atayika msuka wa khasu m'makala, kansonga kaja kolowa mu mpini. Pathumba pambali pawo anayala chuma chawo chonse: kasemasema, kankhwangwa, chikwakwa, ndi kambwiri, kakhasu kakutha kotsala ngati chikhatho cha mwana.

"Ba tate, banthu bakamba."

"Pakamwa ndi pawo. Gwira apa." Anamupatsa mpini watsopano wa mtengo wa mombo. Anachotsa msuka wofiira pamoto naulowetsa m'mutu mwa mpini, utsi nkufuka. "Waona? Chitsulo chimadziboolera chokha nyumba yake. Makasu anu a m'sitolo a mphete aja amagwedera chaka chisanathe. Ili anasula ndi Petros wa kwa Zingalume iwe usanabadwe, ndipo mipini yathera pa ilo sindingaiwerenge."

"Ba tate, sininabwelele makasu. Petronella sakudya. Sagona. Ku chechi kwao bamuuza ati mu nyumba muli guwa ya kumunzi."

"Guwa?"

"Ivi visulo vanu. Na kaja ka ba mama." Analoza kambwiri. "Muchita nako chani? Sikalima."

A Killian anakatola kambwiri kaja naupukuta mpini wake ndi chala. Mpiniwo unali wakuda bii, wosalala, wolowa mkati pomwe panakhala dzanja.

"Aka mayi wako anakalandira kali khasu lathunthu pamene tinalowana. Kanatha chonchi ndi kukulera iwe. Sukulu yako yonse inatuluka apa. Kwathu khasu la munthu womwalira sititaya kudzala, limakhala m'nyumba mpaka mdzukulu adzaphunzirire kupalira. Ndinkakasungira mwana uja."

Dingani ankadziwa kuti bambo ake akunena zoona, ndipo ankadziwanso kuti madzulo akalowa kuchipinda adzapeza mkazi wake atayang'ana kukhoma. Kuyambira pamene ntchito inatha, nyumba yonse inkadya kuchokera pa tebulo la salaula, ndipo mwamuna wodyetsedwa mawu ake amachepa.

"Fafanizani chabe, ba tate. Limani mizele monga banthu bonse."

"Mizere yopanda feteleza pa dothi ili, tidzakolola mapesi. Mvula ili pafupi, mwana wanga, udzu wayamba kale kuola. Koma kakang'ono kaja ndikachotsa. Mpongozi wanga asamakaone potsegula zenera. Amene wapsa ndi moto amaopa ndi phulusa lomwe."

M'mawa mwake anachitadi. Anafumula katutu kaja, namwaza dothi lake, nasesa malowo mpaka kuoneka ngati sipanakhalepo kanthu. Anachita chifukwa cha chisoni, ndipo chisoni chimenecho ndicho chinawamaliza. Petronella atatsegula zenera nkuona pa kona pali see, anakuwa mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka.

"Bachosa! Bamvela ati ba pasita bazabwela, manje babisa!"

Abusa Kunda anabwera Lamulungu masana. Mpingo wawo unali watsopano, wosonkhana m'kalasi la sukulu ina, umodzi wa mipingo imene inamera m'Lusaka zaka zimenezo pamodzi ndi salaula ndi ma minibasi. Iwo eni anali mnyamata wa suti yonyezimira, wocheperapo kwa Dingani, ndipo anafika ndi amayi a mapemphero asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndi anyamata awiri onyamula mafosholo. Anthu a m'njira anadzaza kufensi. Amene analibe malo anakwera pa khoma la nyumba yoyandikana.

A Killian anawatulutsira mpando. Abusa sanaukhale.

"Ba mudala, ise sitinabwele na nkhondo. Tabwela kumasula nyumba ino. Uyu mwana wa Mulungu aluza mimba. Mwamuna wake aluza nchito. Vonse ivi vachitika imwe mutabwela."

"Abusa, kampani ija inachotsa anthu mazanamazana. Onsewo ali ndi atate awo kuseri kwa nyumba?"

Wina kufensi anaseka, koma anasiya msanga ataona kuti ali yekha.

"Mwamvela mwamene uyankhila muzimu?" anatero Abusa potembenukira kwa amayi aja. "Ba mudala, ngati kaja kang'ono kenze ka matanga chabe, munakachosela chani? Imwe bakumawa mukamba mweka ati galu wamukota sakandila pachabe."

"Ndinachotsa kuti mpongozi wanga asalire."

"Kumbani!"

Anyamata aja analowetsa mafosholo. Ntchito imene nkhalamba inaigwira mwezi wathunthu, kutchetcha udzu m'mbali mwa msewu, kuusenza pamutu dzuwa la Okutobala lili pamsana, inamwazika nthawi yosakwana kuphika tiyi. M'kati munatuluka zimene anayikamo: udzu wakuda wofunda, phulusa, zitosi za nkhuku zimene anakapempha kwa woweta wina wa ku Kamanga, ndi nthenga zimene zinabwera ndi zitosizo. Fungo la zoola linakwera. Nyongolotsi zinali yakaliyakali.

"Yesu!" anakuwa mayi wina akuloza nthenga ndi phulusa lija. "Nthenga! Mulota! Onani njoka zing'ono!"

Amayi aja anayamba kupemphera mokweza, ena m'malilime, akuponda dothi lija ndi mapazi. Ambiri a iwo anabadwira kumudzi. Ndikunena mosabisa, pakati pawo panali ena amene anasenzapo zitosi ndi manja awo kupita nazo kudimba, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene chinali pansi pawo. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa.

Abusa analamula kuti thumba la zitsulo litulutsidwe. Analikhuthula pakati pa bwalo, nathirapo parafini. Moto utagwira mipini, a Killian anadzuka kuti atole kambwiri, koma mnyamata wina anawakankha pachifuwa ndi fosholo, nagwa chokhala. Mpini wakuda uja unayaka msanga kuposa yonse, pakuti unali wouma zaka zambiri.

"Manje chasala chimozi," anatero Abusa. "Muvomele na kamwa yanu pamenso pa banthu. Mukambe ati ndine nenze namanga nyumba ino. Mukavomela, tizakupemphelelani, muzankhala mfulu, na mimba ya uyu mulongo izaseguka. Mukakana, ninshi chinthu chikali mukati."

A Killian sanawayang'ane Abusa. Anayang'ana mpongozi wawo, amene anagwada pakhonde atagwiridwa ndi amayi awiri.

"Amayi, mwana uja anali wanganso. Tsiku lija munali kuchipatala ine sindinadye. Ndinali nditamusankhira kale dzina, ndinkangodikira kuti atuluke chikuta. Inu mwataya mwana, ine ndataya mdzukulu, maliro ndi amodzi. Bwanji tikulirira m'nyumba ziwiri?"

Petronella analira kwambiri, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati adzuka kupita kwa iwo. Koma mayi wina anamunong'oneza kukhutu, iye nkuphimba nkhope ndi chitenje.

"Nifuna chabe mwana, ba tata," anatero ali m'chitenjemo. "Nifuna chabe mwana. Vomelani, napapata."

Pamenepo nkhalamba inatembenukira kwa mwana wake. Dingani anaima pafupi ndi mpopi, manja ali m'thumba, maso ali pa nsapato zake.

"Dingani. Iwe unabadwira m'munda wa matutu. Mayi wako ankakugoneka pamthunzi wa chimanga chake. Unkadya maungu ake mpaka mimba kuti ndi. Auze anthuwa chimene chili pansi apa."

Bwalo lonse linakhala chete. Ngakhale a malilime analeka.

"Dingani, ndikulankhula ndi iwe."

"Ba tate," anatero Dingani motsitsa, osadzutsa mutu, "vomelani chabe. Ni mau chabe. Vinthu visile, tinkhale mu mutendele."

A Killian anamuyang'ana. Kenaka anagwira pansi ndi manja onse awiri, nadzuka pang'onopang'ono, nasasa fumbi kumatako.

"Munda mwafumula, ndi wanu. Makasu mwatentha, zitsulo sizimva kuwawa. Koma kuti ine Killian ndiime pano ndinene kuti ndinadya mdzukulu wanga, ayi. Ndilibe ng'ombe, ndilibe nyumba ya malata, mkazi ndinaika. Chimene ndatsala nacho ndi dzina, ndipo ndipita nalo kumanda lili loyera. Mukuti ndi mawu chabe? Mawa mwana wa pa nyumba iyo akatentha thupi, adzabwera ndi miyala kwa yani? Mawu amenewo mudzawabweza ndinu?"

"Mwamvela?" anatero Abusa. "Bakamba va manda futi."

Madzulo ake Petronella anatulutsa sutikesi yake naiyika pabalaza. Sanakuwe. Anangonena kuti sabata ikatha, m'nyumbamo mutsala mmodzi, iye kapena apongozi ake, ndipo ngati ndi iye wopita, basi ya ku Kitwe akuidziwa pokwerera. Dingani anakhala pakati pa sutikesi ndi chitseko cha bambo ake, mutu uli m'manja. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma Dingani sankadziwanso kuti khoswe ndani, mkhate ndani.

Masiku otsatirawo anali oipa. Mbale ya a Killian inayamba kutsukidwa payokha. Ana a sukulu ankadutsa pageti mothamanga, ena nkuponya miyala padenga. Nkhalamba itapita kukagula fodya pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, mwini kantemba anakana kulandira ndalama m'dzanja lake, nati ayike pansi. Lachinayi m'mawa anamuitana mwana wake kuseri kwa nyumba, pa dothi lomwazika lija.

"Ndipita Loweruka."

"Ba tate, sininakupilikiseni."

"Sunandipirikitse. Mlendo ndi mame. Ukwati wako usathe chifukwa cha ine, mkaziyo si woipa, ndi chisoni chamuchititsa khungu ndipo wapeza omutsogolera olakwika. Udzamusamale."

"Muzankhala kuti? Nyumba ija ya kumunzi inagwa."

"Kwa mlongo wanga, ngati mbiri siinandipitirire. Pano pali anthu a ku Chadiza ambiri, ndipo mabasi amapita tsiku lililonse. Kumudzi munthu wothamangitsidwa m'tauni ndi mwana wake wobereka yekha safunsidwa mafunso. Amati ngati mwana wake anamuona, ife ndife yani."

Dingani akanatha kunena kuti khalani. Mawuwo ndi aafupi, mwana wa zaka ziwiri amawatha. Sanawanene.

Loweruka kunacha ndi mitambo yolemera kum'mawa. Petronella sanatuluke kuchipinda, koma pa tebulo panali buledi ndi mazira owiritsa zokulungidwa m'pepala. A Killian anaziyika m'thumba la jekete. Anaima pa chitseko chotsekacho nawomba m'manja mwaulemu.

"Amayi, ndapita. Mulungu akupatseni ana."

M'katimo munamveka kulira kotsekereza ndi pilo, koma chitseko sichinatseguke.

Anayenda wapansi mpaka pa msewu waukulu wa kum'mawa, bambo patsogolo, mwana pambuyo atanyamula kachikwama. M'njira makatani ankagwedezeka m'mazenera. Mayi wa tomato uja atawaona anawoloka msewu. Anafika pa siteji. Dingani anayesa kunena za mvula, kuti chaka chino ikuoneka ngati ibwera bwino, bambo ake nkungovomera ndi mutu.

Basi ya ku Chipata inafika itadzaza. Kondakitala anakankhira nkhalamba m'kati, naipezera malo pafupi ndi zenera, pambali pa mayi wina wachikulire wa duku loyera amene anafungata dengu. Dingani anazungulira kukaima pansi pa zeneralo napereka kachikwama.

Mayi wa duku uja anasuzumira, namuyang'ana Dingani kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zopolishidwa, namwetulira. Chinyanja chake chinali cha kwawo kwa a Killian kwenikweni.

"Koma abambo muli ndi mwayi. Masiku ano ana operekeza makolo mpaka pa basi ndi ochepa. Ndi mwana wanu ameneyu? Mphuno ndi yanu yomwe."

Dingani anadzutsa mutu. Bambo ake anamuyang'ana kudzera pa zenera, maso awo ali ouma, opanda mkwiyo. Kenaka anatembenukira kwa mayi uja nayankha mwaulemu, mokweza pang'ono chifukwa cha injini.

"Iyayi, mayi. Awa ndi abwana amene ndinkawalimira pa yadi. Ntchito yatha."

Kondakitala anamenya chitseko, basi nkunyamuka. Dingani anathamanga nayo m'mbali akumenya galasi ndi chikhatho, akufuula kuti atate, atate, m'chilankhulo cha kwawo chimene anali atachisiya kalekale. Anthu a pa siteji anamuyang'ana modabwa, bambo wamkulu wovala bwino akulira pamsewu. Nkhalamba ija sinacheuke.